Foda ya ntchito izidzikopera yokha ku external: ndithandizeni kukonza

Mayi wa fotokopi:
Moni nonse pa gulu lino. Ndili ndi kashopu ka fotokopi ndi kutayipa m'tauni muno mu Mzuzu, chakufupi ndi msika waukulu. Pa kompyuta yanga pali foda imodzi yaikulu imene ndimasungamo zonse za makasitomala: makalata ofunsira ntchito, ma CV, makhadi a ukwati, mapulogalamu a maliro, mayeso amene aphunzitsi amabweretsa kuti ndiwatayipire, komanso zithunzi za pasipoti. Munthu amabwera patapita miyezi nkuti, "Amayi, CV yanga ija ilipo? Mungosinthapo nambala ya foni." Ndiye foda imeneyi ndiyo bizinesi yanga yonse.

Ndinagula external ya 1TB, disiki yosungira mafayilo imene imalumikizidwa pa kompyuta ndi chingwe. Koma kukopera pamanja kukundilemera. Pofika madzulo ndimakhala nditatopa, mwina magetsi azima, ndipo ndikati ndikopere foda yonse kompyuta imayamba kundifunsa za mafayilo amene alipo kale, ndiwasinthe kapena ndiwasiye. Chimene ndikufuna n'chakuti ndikangolumikiza external, zatsopano zizipita zokha. Kompyuta ndi ya Windows 10. Intaneti ndimagwiritsa ya pa foni, ndiye zodya bandulo sindingakwanitse. Ilipo njira?

Tekinishani wa ku Luwinga:
Ilipo amayi, ndipo siifuna intaneti kupatula tsiku lotenga pulogalamuyo. Dzina lake ndi FreeFileSync, ndi yaulere, imayenda pa Windows, pa Mac ndi pa Linux. Itengeni pa webusaiti ya eni ake, osati kwa munthu wokupatsani pa fulashi. Mukaiika muona zizindikiro ziwiri: chobiriwira ndi FreeFileSync yeniyeni, chofiira ndi RealTimeSync. Chobiriwira ndiye chimakopera. Chofiira ntchito yake ndi kudikirira, chikaona kuti pasintha kanthu chimadzutsa chinzake.

Yambani ndi chobiriwira. Kumanzere sankhani foda ya makasitomala ija, kumanja sankhani foda imene mwatsegula pa external. Dinani Compare, kapena F5. Sikopera kanthu panopa, ingokuonetsani mndandanda wa zimene zili kumanzere koma kumanja kulibe. Kenako dinani F8, ndi pamene pali mtima wa nkhani yonse: pali Two way, Mirror, Update ndi Custom. Inu sankhani Mirror, kutanthauza kuti kumanja kufanane ndendende ndi kumanzere. Mukatero dinani Synchronize. Ulendo woyamba uchedwa chifukwa ikukopera zonse, ndiye chitani nthawi imene magetsi alipo ndipo pashopu palibe anthu ambiri. Maulendo otsatira imangotenga zatsopano ndi zosinthidwa, ndiye ndi kanthawi kochepa.

Zimenezi zikatheka mundiuze, tipitirize za kuti zizichitika zokha.

Wojambula wa ku Chibavi:
Achimwene a ku Luwinga, imani kaye. Mirror mwaitchula mofulumira kwambiri. Amayi, mumvetse bwino chimene Mirror imachita musanadine: ngati mwafufuta fayilo pa kompyuta, iyonso imakaifufuta pa external. Ngati mwana wothandiza pashopu wafufuta foda yonse ya makhadi a ukwati mosadziwa, madzulo mukalumikiza external, foda ija ichokanso uko. Ndipo popeza mukufuna zizichitika zokha, palibe amene adzakufunseni kuti mwatsimikiza kapena ayi.

Ine ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe. Chithunzi cha tsiku la ukwati sichibwerezedwa. Ndiye ine ndimagwiritsa Update. Imeneyo imangowonjezera zatsopano, sifufuta kanthu kumanja.

Tekinishani wa ku Luwinga:
Mwanena zoona achimwene, ndipo ndimafuna kufika pamenepo. Koma Update nayo siteteza zonse monga mmene anthu amaganizira. Taganizirani izi: amayi atsegula CV ya kasitomala wina kuti atengereko kalembedwe potayipa ya munthu watsopano, kenako adina Save m'malo mwa Save As. CV yoyamba ija yapita. Update iona kuti fayilo ya kumanzere ndi yatsopano kuposa ya kumanja, ndiye iphwanya yabwino ija ndi yolakwikayo. Siinafufute, koma zotsatira zake n'chimodzimodzi. Pashopu yotayipa ngozi imeneyi ndiyo yochuluka kuposa kufufuta.

Mankhwala a zonse ziwiri ali pa tsamba lomwe lija la F8. Pali malo osankha chimene chichitike ndi fayilo imene ikufufutidwa kapena kuphwanyidwa ndi ina: Recycle bin, Permanent, kapena Versioning. Sankhani Versioning. Tsegulani foda yachiwiri pa external, itcheni ZAKALE, ndipo ikhale payokha, osati mkati mwa foda imene mukukoperamo. Pa kalembedwe ka mayina sankhani Time stamp. Kuyambira pamenepo, fayilo iliyonse imene pulogalamu ikufuna kuchotsa kapena kusintha pa external imayamba yasamutsidwira ku ZAKALE, itamatidwa deti ndi nthawi. CV ija mukaipeza kumeneko monga mmene inalili dzulo.

Wojambula wa ku Chibavi:
Nanga ngati Versioning ikugwira ntchito konsekonse, bwanji osangoiika pa Update? Chitetezo chikhala chachikulu.

Tekinishani wa ku Luwinga:
N'zotheka, ndipo kwa inu wa zithunzi mwina ndiye zabwino, chifukwa mafayilo anu sasunthasuntha. Koma amayiwa amakonza mafoda, lero asintha dzina, mawa asamutsa za chaka chatha kupita kwina. Pa Update, foda ikasintha dzina, yakale imatsala pa external ndipo yatsopano imabweranso. Pakatha chaka external imadzaza ndi zobwerezabwereza, ndipo tsiku limene kompyuta yafa simudziwa kuti yoona ndi iti. Pa Mirror yokhala ndi Versioning, foda imodzi ndi chithunzi chenicheni cha ntchito ya lero, inayo ndi ya zakale zonse. Kubwezeretsa kumakhala kophweka. Ichi ndi chifukwa chake ndimaikonda.

Mayi wa fotokopi:
Zikomo nonse awiri, mkangano wanu wandithandiza kumvetsa. Za Save ndi Save As zimenezo zimachitikadi pashopu anthu akachuluka pamzere. Ndatenga Mirror ndi Versioning. Koma Two way ija ndi yotani? Dzina lake likumveka ngati ndiye yabwino kwambiri.

Akauntanti wa ku Chiputula:
Amayi, imeneyo isiyeni. Two way ndi ya munthu amene amagwira ntchito mbali zonse ziwiri, monga ine amene ndimayamba lipoti pa kompyuta ya ku ofesi nkukalimalizira pa laputopu kunyumba. Zosintha za uku zimapita uko, za uko zimabwera kuno, ndipo kufufuta nakonso kumayenda mbali zonse. Ngati china chake chawonongeka pa external, kuwonongekako kungabwerere pa kompyuta yanu. Kwa inu msewu ukhale wa mbali imodzi: kuchoka pa kompyuta kupita pa external, basi. Ndipo pa external musamatsegulepo fayilo nkumaisintha.

Mnyamata wa ku Mzuni:
Pepani akuluakulu kulowerera. Koma bwanji osangoika Google Drive pa kompyutapo? Imachita zonsezi yokha, palibe zokonzakonza, ndipo 15GB ndi yaulere. Ifeyo ku sukulu ma assignment onse timasunga momwemo. Laputopu ikabedwa umangolowa pa ina nkupeza zako zonse.

Mayi wa fotokopi:
Mwana wanga, foda yanga ndi yaikulu kwambiri kuposa pamenepo chifukwa cha zithunzi ndi makhadi. Ndipo kuti zonsezo zikwere pa intaneti ya pa foni, bandulo yake ndiigula ndi chiyani?

Akauntanti wa ku Chiputula:
Komanso 15GB imeneyo mumagawana ndi Gmail ndi Google Photos, si ya Drive yokha. OneDrive yaulere ndi 5GB, Dropbox ndi 2GB. Koma mnyamatayu tisamubweze, mfundo yake ili ndi malo ake. Mafayilo a Word ndi Excel ndi aang'ono kwambiri. Zolemera ndi zithunzi, mavidiyo ndi zojambula za makhadi. Amayi atapatula kafoda kamodzi ka zofunikitsitsa, monga buku la ngongole za makasitomala, ma invoice ndi ma CV, kameneko kangakwere pa Drive osadya bandulo yambiri. Zotsalazo zipite pa external.

Chenjezo langa ndi limodzi. Drive nayonso imatsatira zimene mwachita: mukafufuta pa kompyuta, imafufutanso kumwambako. Zofufutidwa zimakhala mu Trash masiku 30 kenako zimachoka. Ndiye musaiyese nkhokwe ya muyaya.

Mphunzitsi wa ku Katoto:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, chifukwa mayeso amene amayi akunena kuti amatayipa ena ndi a ife aphunzitsi. Funso langa si la mapulogalamu. External imeneyi izigona kuti?

Ife a ku Mzuzu sitifunika kuuzidwa za moto. Mu December 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa, mabuku ambirimbiri anatha usiku umodzi. Msika wathu nawonso unapsapo. Ngati kompyuta ndi external zonse zikugona pashopu, moto, akuba kapena denga lodontha nthawi ya mvula zitenga zonse pamodzi. Zili ngati kumanga nkhokwe ziwiri moyandikana, moto ukagwira imodzi inayo siipulumuka. External izipita nanu kunyumba madzulo.

Tekinishani wa ku Luwinga:
Aphunzitsi, mwafika pamene ndimafuna kuti tifike tisanakonze za chofiira chija, chifukwa kakonzedwe kake kamadalira yankho la funso lanu.

Pali njira ziwiri. Yoyamba, external imakhala yolumikizidwa tsiku lonse, ndipo fayilo ikangosintha imakopedwa pakapita masekondi ochepa. Yachiwiri, external imakhala m'chikwama, mumailumikiza poweruka, imakopera yokha, mumaichotsa nkupita nayo. Anthu ambiri amakopeka ndi yoyamba chifukwa imaoneka yamakono. Ine kwa amayi ndikulimbikitsa yachiwiri, ndipo zifukwa zake ndi za kuno kwathu.

Choyamba ndi magetsi. Akabwera mwamphamvu pambuyo pozima, kapena mphenzi ikagunda nthawi ya dzinja, chilichonse cholumikizidwa pa kompyuta chili pa ngozi imodzi. Chachiwiri ndi mavairasi. Pashopu ya fotokopi pamalowa mafulashi a anthu osiyanasiyana tsiku lonse, ndipo tonse tikuidziwa vairasi ija imene imabisa mafoda nkusiya ma shortcut. Palinso ransomware, imene imakhoma mafayilo onse nkumafuna ndalama, ndipo imeneyo imakhoma ndi za pa external yomwe ngati yaipeza yolumikizidwa. ZAKALE nayonso siipulumuka. External imene ili m'chikwama vairasi siingaifike.

Kakonzedwe kake ndi aka. Mu chobiriwira, mutamaliza kusankha Mirror ndi Versioning, pitani pa File, musankhe Save as batch job, kuti zimene mwasankhazo zisungidwe mu fayilo imodzi yoyambitsira kukopera. Chongani Auto-close kuti ikamaliza izidzitseka yokha. Musachonge Ignore errors, chifukwa pakakhala vuto mukufuna mulione. Isungeni fayiloyo, dzina lake limathera ndi .ffs_batch. Tsopano tsegulani chofiira, kokani fayilo ija muiponye pa windo lake. Mafoda onse awiri adzilemba okha pa mndandanda wa zoyang'anira. Chotsanipo foda ya pa kompyuta, musiye ya pa external yokha. Mukatero RealTimeSync izingodikira kuti foda ya pa external ioneke, ndipo ikangooneka imayambitsa kukopera. Dinani Start. Kachizindikiro kofiira kakhala pansi pafupi ndi wotchi.

Mayi wa fotokopi:
Ndachita zonse monga mwanenera. Ndinachotsa external, ndinatayipa kalata yoyesera, ndinalumikizanso, ndipo patapita kanthawi pang'ono windo linatseguka lokha nkukopera kalata ija. Ndasangalala kwambiri achimwene. Mulungu akudalitseni.

Wojambula wa ku Chibavi:
Amayi, musaiwale kuchotsa external mwa dongosolo, podina Eject kaye. Kungozula chingwe ikadali kulemba ndi kumene kumawononga ma external ambiri amene anthu amati "yangofa yokha". Ndipo m'chikwama muziika m'kathumba kofewa. Ya mtundu wa hard drive ili ndi mbale zozungulira mkati, siifuna kugwa kapena kugundidwagundidwa pa kabaza.

Mayi wa fotokopi:
Ndabweranso. Dzulo zinayenda bwino, koma lero ndayatsa kompyuta m'mawa, madzulo ndalumikiza external, palibe chachitika. Kachizindikiro kofiira kaja sikakuonekanso pafupi ndi wotchi.

Tekinishani wa ku Luwinga:
Palibe chawonongeka amayi. RealTimeSync siidzuka yokha kompyuta ikayatsidwa pokhapokha mutaiuza. Itseguleni, muikenso zonse monga dzulo, kenako pa File sankhani Save as, musunge fayilo yothera ndi .ffs_real. Tsopano dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani shell:startup, dinani Enter. Itseguka foda. Chilichonse chimene chili mu foda imeneyo chimayamba chokha mukalowa mu Windows. Pangani shortcut ya fayilo ya .ffs_real ija muiike mmenemo. Zimitsani kompyuta, yatsaninso, muone ngati kachizindikiro kabwera.

Pali chinanso chimene chikudikirani kutsogolo, bola tichitseke lero. Windows imapereka chilembo kwa fulashi kapena external iliyonse imene mwalumikiza, E, F, G, malinga ndi chimene chayamba kulowa. Dzulo external yanu mwina inali E. Mawa kasitomala akasiya fulashi yake pa kompyuta, fulashiyo itenga E, external yanu ikhala F. Pamenepo pulogalamu siipeza foda yake, ndipo choopsa kwambiri, ingathe kufuna kulemba za makasitomala anu pa fulashi ya munthu wina.

Chitani izi: mu File Explorer dinani batani la kumanja la mouse pa external, musankhe Rename, muipatse dzina lanulanu, tinene kuti NKHOKWE. Kenako mu FreeFileSync, pamene palembedwa E:\Makasitomala, lembani [NKHOKWE]\Makasitomala. Chitani chimodzimodzi pa foda ya ZAKALE ndi mu RealTimeSync momwe. Tsopano izifunafuna dzina, osati chilembo. Mukasintha kumbukirani kusunganso batch job ija.

Mnyamata wa ku Mzuni:
Akulu, kodi sizingatheke kungoipatsa chilembo chakutali ngati Z mu Disk Management? Ine ndinatero pa yanga.

Tekinishani wa ku Luwinga:
Zimatheka ndithu, ndipo pa kompyuta imodzi zimagwira bwino. Ubwino wa dzina ndi wakuti limayenda ndi external yomweyo, ngakhale amayi atagula kompyuta ina kapena Windows itaikidwanso.

Akauntanti wa ku Chiputula:
Funso langa kwa a ku Luwinga. Magetsi akazima kukopera kuli pakati, fayilo imene inali m'njira imatani? Ine ndicho chimene chimandidetsa nkhawa ndi zinthu zochitika zokha. Fayilo ya Excel yodulidwa pakati siitseguka.

Tekinishani wa ku Luwinga:
Pamenepo opanga FreeFileSync anaganizapo bwino. Pulogalamuyi siilemba mwachindunji pamwamba pa fayilo yakale. Imayamba yalemba fayilo yongoyembekezera yothera ndi .ffs_tmp, ikamaliza yonse ndi pamene imaisintha dzina. Mu Options amaitcha Fail-safe file copy, ndipo imabwera yochongedwa kale, musaichotse. Magetsi akazima pakati, yakale ija imakhalabe yabwino, ndipo ulendo wotsatira imayambiranso. Komabe disiki yeniyeniyo siikonda kuzimidwa mwadzidzidzi ikulemba. Amene ali ndi desktop, ka UPS kakang'ono, kabatire kokupatsani mphindi zochepa zoti mutseke bwino magetsi akazima, ndi ndalama yogwiritsidwa ntchito moyenera. A laputopu batire ndiye UPS yanu.

Ndi bwinonso kutseka Word ndi Excel musanalumikize external. Fayilo imene ili yotsegula nthawi zina imakana kukopedwa, ndipo zimene simunasunge sizingapite.

Wojambula wa ku Chibavi:
Popeza tili pomwepa, ndithandizeniko nanenso. Ndayesa kukonza chimodzimodzi pa fulashi yaikulu imene ndimaperekera mavidiyo. Zithunzi zikupita, koma vidiyo ya ukwati wonse ikukana, ikuti fayilo ndi yaikulu, chonsecho malo alipo ambiri.

Mnyamata wa ku Mzuni:
Imeneyo ndikuidziwa akulu. Fulashi yanu ili pa kakonzedwe kosungira mafayilo kotchedwa FAT32, ndipo FAT32 siilandira fayilo imodzi yopitirira 4GB ngakhale malo atakhalapo. Dinani kumanja, Properties, muona palembedwa. Ifunika format kuti ikhale exFAT kapena NTFS. Koma format imafufuta zonse, ndiye yambani mwasamutsa zimene zilimo.

Tekinishani wa ku Luwinga:
Wakhoza mnyamata. Ngati makasitomala anu ena ali ndi Mac, exFAT ndiyo imalembeka konsekonse. Koma ya backup imene imangogwira pa Windows, ine ndimasankha NTFS, chifukwa imapirira bwino kuzima kwa mwadzidzidzi. Achimwene, onaninso kuti ma TV ena akale amangowerenga FAT32, ndiye musanapereke fulashi kwa akuchikwati afunseni kuti akaonera pa chiyani.

Mphunzitsi wa ku Katoto:
Ine ndili ndi laputopu kunyumba ndi foni imene ndimajambulira ntchito za ana. Pali njira yoti ziwirizi zizipatsana mafayilo popanda chingwe komanso popanda bandulo?

Mnyamata wa ku Mzuni:
Aphunzitsi, yesani Syncthing. Ndi yaulere, ndipo siisunga zinthu zanu pa kompyuta za kampani ina iliyonse, zipangizo zanu zimalankhulana zokha. Zikakhala pa WiFi imodzi, ngakhale hotspot ya foni yomweyo, mafayilo amadutsa mwachindunji osadya bandulo. Pa foni foda muiike pa Send Only, pa laputopu Receive Only, ndipo pa laputopupo muyatse File Versioning kuti mukafufuta chithunzi pa foni chisatheretu. Kukonza kwake koyamba kumafuna kudekha pang'ono chifukwa chipangizo chilichonse chili ndi ID yake yaitali imene mumadziwitsa chinzake, koma pali QR code yothandiza.

Mphunzitsi wa ku Katoto:
Yewo mwana wanga. Ndiyesa Loweruka, ndikakakamira ndidzafunsa pompano.

Akauntanti wa ku Chiputula:
Ndibwerere kwa amayi, pali mbali imene sitinaikhudze. External imeneyi tsopano izikwera nanu basi kapena kabaza tsiku lililonse, ndipo mkati mwake muli zithunzi za pasipoti za anthu, makope a ziphaso zawo, manambala a foni, mayeso amene ana sanalembe. Chikwama chikatayika, aliyense wochitola angalumikize nkuona zonse. Makasitomala anakupatsani zinthu zimenezi pokukhulupirirani.

Ngati Windows yanu ndi Pro, dinani kumanja pa external musankhe Turn on BitLocker kuti muikhome, muike pasiwedi. Ikupatsani recovery key, nambala yaitali. Imeneyo isindikizeni papepala, mukaisunge kunyumba pamalo amene mumasunga zikalata zofunika, osati m'chikwama chomwecho. Mukaiwala pasiwedi ndipo pepalalo mulibe, palibe tekinishani mu Mzuzu muno kapena kwina amene angakutsegulireni. Windows Home siitha kukhoma disiki ndi BitLocker, pamenepo anthu amagwiritsa pulogalamu ina yotchedwa VeraCrypt, koma imeneyo ndi bwino wina akukonzereni muli limodzi.

Mayi wa fotokopi:
Ndaona, yanga ndi Pro. Koma ndikaika pasiwedi, zochitika zokha zija sizisokonekera?

Tekinishani wa ku Luwinga:
Ayi. Mukalumikiza, Windows ifunsa pasiwedi, mukalemba foda imaoneka, ndipo chofiira chija chimayamba pomwepo. Pali kabokosi koti izidzitsegula yokha pa kompyuta yanuyo, mukakachonga siifunsanso pashopu koma pa kompyuta ina iliyonse ifunsa. Kukhoma koyamba kumatenga nthawi yaitali pa 1TB, muyambe m'mawa.

Chomaliza chimene ndikupempha, ndipo ichi ndimapempha aliyense amene ndamukonzera. Kamodzi pa mwezi, tengani external, muilumikize pa kompyuta ina, ya mwana wanu kapena ya mnzanu wa shopu yoyandikana, mutsegule mafayilo angapo: kalata ya sabata ino, chithunzi, khadi la ukwati. Kenako lowani mu ZAKALE muone ngati mungapeze fayilo imene munasintha masiku apitawa. Ndakumanapo ndi anthu obwera ndi kompyuta yakufa ali ndi mtima wokhazikika kuti zonse zili pa external, titatsegula nkupeza kuti kukopera kunaima miyezi yapitayo chifukwa foda inasinthidwa dzina, ndipo uthenga wa vuto ankangoutseka osauwerenga. Chinthu chikamachitika chokha munthu amasiya kuchiyang'ana, ndiye tsiku loyang'ana muliike pa kalendala.

Muziyang'ananso malo otsala. ZAKALE imakula mwakachetechete. Pa tsamba la Versioning pali poika malire, monga kusunga za masiku angati kapena makope angati a fayilo imodzi. Kwa mafayilo a Word musadandaule, 1TB ndi yaikulu. A zithunzi ndi mavidiyo ndiwo ayenera kuika malire msanga.

Wojambula wa ku Chibavi:
Ndipo ndalama zikapezeka amayi, yachiwiri. External nayo ndi chipangizo, imafa ngati china chilichonse. Ine ndili ndi ziwiri zimene ndimasinthanitsa, ina imakhala kwa mchemwali wanga ku Ekwendeni, ndimakaisintha ndikapita kukaona makolo. Pamenepo mumakhala ndi makope atatu: pa kompyuta, pa external ya tsiku ndi tsiku, ndi ina imene ili kutali. Yachiwiriyo muipatse dzina lina, muikonzere batch job yakeyake.

Mayi wa fotokopi:
Yachiwiri idikire kaye mpaka nyengo ya mayeso ithe, ndi pamene kashopu kamapeza bwino. Pakadali pano ndatsegula kafoda kakang'ono ka pa Drive monga ananenera akauntanti, muli buku la ngongole ndi ma invoice. Dzina la NKHOKWE ndaika, kachizindikiro kofiira kakubwera kokha m'mawa, ndipo lero ndayesa dala kulumikiza external fulashi ya kasitomala ili pomwepo, yapeza malo ake osasokera. Ndafufutanso kalata yoyesera ija pa kompyuta, ndalumikiza, ndipo ndaipeza mu ZAKALE ili ndi deti lake.

BitLocker ndiyamba mawa m'mawa magetsi akakhalapo. Achimwene a ku Luwinga, pali mafayilo ena ang'onoang'ono oyamba ndi ~$ amene akupita nawo pa external, ndipo ine sindinawapange. Ndi vairasi?

Tekinishani wa ku Luwinga:
Si vairasi amayi, amenewo amapangidwa ndi Word ndi Excel fayilo ikakhala yotsegula, ndipo ena amatsalira kompyuta ikazima mwadzidzidzi. Alibe ntchito pa external. Dinani F7, m'bokosi la Exclude onjezerani mzere uwu: *\~$* kenako musungenso batch job. Lachisanu ndikhala m'tauni kukagula zipangizo, ndidutsa pashopu chakumasana tidzaonere limodzi ngati BitLocker yamaliza bwino. Pepala la recovery key mukhale mutasindikiza kale.